Pulasitiki ya sola yolowetsa kuwala: ingathandize pa greenhouse yanga ya tomato ku Thondwe?

Nachisale wa ku Thondwe

Moni alimi anzanga, ndi inu nonse odziwa za magetsi a dzuwa. Ndili ndi funso, koma ndiyambe ndafotokoza mmene zinthu zilili kuti oyankha musavutike.

Ndimalima tomato mu greenhouse kuno ku Thondwe, cha kumbali ya ku Makoka. Ndi ya mamita 8 m'lifupi ndi 15 m'litali, mafelemu ndi mapaipi achitsulo okhota, denga ndi pulasitiki ya ma micron 200, m'mbali ndinazinga neti yotchinga tizilombo. Mumalowa mitengo ya tomato pafupifupi 300. Madzi ndimapopa pachitsime cha kudimba kukwezera m'thanki ya malita 1,000 imene ili pansanja, akatero amatsika okha m'mapaipi a drip. Pampu ndi ya petulo, ndipo nkhani ya petulo masiku ano mukuidziwa nokha.

Chondisowetsa tulo ndi kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala. Ikangokwana 11 koloko, m'katimo simulowedwa. Choyezera kutentha chimene ndinapachika pakati chimafika 40 n'kupitirira. Masamba a kunsonga amapota, ndipo ukagwedeza chingwe chimene tomato wayangapo, timaluwa tachikasu timangoyoyoka n'kudzaza m'mzere. Tsango loti likanagwira tomato 6 kapena 7 limatsala ndi awiri. Chowawa n'chakuti maluwa amenewa ndi omwe akanandipatsa tomato wa mu Disembala ndi Januwale, nthawi imene wa kumadimba amakhala atatha ndi chiwawu, opikula a ku Limbe n'kumabwera okha pakhomo.

Tsono mwana wanga wa ku Blantyre wanditumizira vidiyo pa WhatsApp. Mukuoneka anthu akufunyulula chimpukutu cha pulasitiki yopyapyala, yooneka mobiriwira modera, yopindika popanda vuto. Akaikweza kudzuwa ukutha kuona dzanja la munthu kuseri kwake, komanso ili ndi mawaya awiri, ikutulutsa magetsi. Akuti dzina lake ndi organic solar cells, ndipo kunja akuiyala pamadenga a greenhouse. Mtima wanga wagwira pamenepo, chifukwa ineyo ndikufuna zinthu ziwiri, mthunzi ndi magetsi a pampu, ndiye apa zikuoneka kuti zabwera pamodzi. Dzuwa lomwe likundiphera maluwali bwenzi likundipopera madzi.

Kodi zinthuzi n'zoona, kapena ndi za m'mavidiyo chabe? Tomato angabereke pansi pa kuwala kosefedwa choncho? Nanga ilipo sitolo ku Blantyre kapena ku Lilongwe imene ili nazo? Ndinasunga kandalama koti ndigule neti ya mthunzi, koma ndaima kaye, chifukwa sindikufuna kugula neti lero mawa n'kumva kuti panali chinthu chabwino kuposa. Chinanso, malo anga ndi ochepa, ndipo akuba mapanelo kwathu kuno alipo. Chinthu chomata padenga chikundikopa chifukwa cha zimenezonso.

Mbewe (Matawale)

Mayi Nachisale, zikomo pofotokoza mwatsatanetsatane. Ine ndimaphunzitsa Physics kusekondale, ndipo nkhaniyi ndakhala ndikuitsatira chifukwa imandisangalatsa. Zimene mwaonazo n'zoona ndithu.

Mapanelo amene tinawazolowera ndi a silicon, otsekeredwa pansi pa galasi. Awa a organic amapangidwa ndi mankhwala a mtundu wa pulasitiki, okhala ndi carbon, amene amatha kuyendetsa magetsi. Akatswiri atatu amene anatulukira kuti pulasitiki ina ingathe kutero, Alan Heeger, Alan MacDiarmid ndi Hideki Shirakawa, analandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 2000. Mankhwalawa amawasungunula kukhala inki, n'kuipaka pa chimpukutu cha pulasitiki ngati mmene amadindira maluwa pachitenje kufakitale. Gawo logwira kuwalalo ndi lopyapyala kwambiri kuposa tsitsi, n'chifukwa chake kuwala kwina kumadutsa.

Chimene chakopa anthu a ulimi ndi ichi. Kuwala kwa dzuwa sikumodzi, ndi mitundu yambiri yosakanikirana. Mbewu imadya kuwala kwa pakati pa ma nanometre 400 ndi 700 (nanometre ndi muyezo wa kutalika kwa mafunde a kuwala), makamaka kwa buluu ndi kofiira. Kupitirira 700 kuli kuwala kumene maso athu sakuona, kotchedwa infrared, ndipo pafupifupi theka la mphamvu ya dzuwa lili kumeneko. Kwa mbewu, kwambiri mwa kuwala kumeneko kumangosanduka kutentha. Silicon simungaiuze kuti isankhe, imameza zonse n'kusiya mthunzi wakuda. Koma inki za organic, akatswiri amatha kuzisintha kuti zizimwa kwambiri infrared ndi kuwala kobiriwira, n'kulola buluu ndi kofiira kutsikira kwa mbewu. Ndiye ganizo lanu lija loti kutentha kusanduke magetsi ndi lomwenso ali nalo ofufuza.

Zoyesa zachitikapo. Ku North Carolina State University ku America analima letesi wofiira kwa masiku 30 pansi pa zosefera zotere, ndipo zotsatira zomwe anatulutsa mu 2021 zinaonetsa kuti sanasiyane kwenikweni ndi wolimidwa pa kuwala konse. Dziwani kuti zinachitikira m'tizipinda toyeserera, osati kudimba. Ku yunivesite ya UCLA, ku America komweko, mu 2023 anamanga ka greenhouse kakang'ono n'kubzala tirigu, mphodza ndi broccoli, ndipo zinakula bwino kuposa za pansi pa galasi wamba. Koma zofanana kwambiri ndi zanu zinachitikira ku Israel, kumene ofufuza a pa malo a kafukufuku wa ulimi a Volcani anayala mapepalawa pa gawo la denga la greenhouse yokhota ya tomato m'nyengo yotentha. Tomato wake anabereka bwino kuposa wa mu greenhouse yopanda mthunzi uliwonse. Atayerekeza ndi ya neti wamba ya mthunzi, kusiyana kwenikweni kunalibe. Mfundo yachiwiriyi muisunge.

Tsopano kumbali yofooka. Munthu woyamba kupanga selo yotere yogwira ntchito moonekako anali Ching Tang wa ku kampani ya Kodak mu 1986, ndipo inkasandutsa magetsi pafupifupi 1 peresenti yokha ya kuwala. Kuchokera mu 2019, pamene akatswiri a ku China anatulutsa mankhwala otchedwa Y6, zinthu zathamanga, moti timaselo ta mu labotale tafika cha m'ma 19 mpaka 20 peresenti. Koma timeneto ndi tating'ono zedi, ndipo si tolowetsa kuwala. Mukakulitsa kukhala chipepala cha padenga, n'kuchipanganso choti kuwala kuzidutsa, mumatsika kwambiri. Zimene zayesedwa pa ma greenhouse enieni zimakhala za maperesenti ochepa, pansi pa 5 kawirikawiri. Chifukwa chake n'chosavuta: kuwala kumene mwalola kupita kwa tomato sikungapangenso magetsi.

Vuto lina ndi moyo wake. Mankhwalawa amadana ndi mpweya wa oxygen, chinyezi ndi kuwala kwa UV, kuwala kwa dzuwa kosaoneka ndi maso kumene kumafooketsa pulasitiki. Amawatsekera pakati pa mapepala ena oteteza, koma pakangolowa mpweya pang'ono m'mphepete, mphamvu imayamba kutsika. A ku UCLA aja anathirako mankhwala otchedwa L-glutathione kuti achedwetse kuwonongekako, ndipo maselo awo anasunga mphamvu yoposa 80 peresenti atagwira ntchito maola 1,000. Ndi chipambano chenicheni ku mbali ya sayansi. Ine ndikukhulupirira kuti ana amene ndikuwaphunzitsa lerowa adzayala zinthuzi pamadenga.

Che Yusufu wa sola, Chinamwali

Amayi, ine sukulu yambiri ndilibe ngati aphunzitsiwa, koma ntchito yanga ndi kukwera pamadenga ndi kutsitsa mapampu m'zitsime, kuyambira ku Domasi mpaka ku Jali. Ndiyankhe monga wogwira sipanala.

Poyamba, kogula. Ndimapikula katundu ku Limbe ndi ku Blantyre, ndipo chinthu chimenechi sindinachionepo pa shelefu. Makampani opanga alipo kunja, monga Heliatek ku Dresden m'dziko la Germany, ASCA ndi Sunew ya ku Brazil, koma ambiri amagwira ntchito ndi omanga nyumba zikuluzikulu, ndipo za Heliatek n'zomata pakhoma ndi padenga, si zolowetsa kuwala. Kuti muitanitse nokha mufunika ndalama zakunja, ndipo chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tonse tikudziwa mmene katundu wa kunja akuwawira. Chikawonongeka mukadandaula kwa ndani? Ku America kunali kampani yotchuka pa zomwezi, Konarka, inagwa mu 2012. Chenjeraninso ndi ogulitsa amene angakuonetseni panelo yopindika n'kunena kuti ndi yomweyo. Zopindika zimene zimapezeka kuno ndi za silicon ndithu, zakuda, kuwala sikudutsa.

Maola 1,000 amene atchula aphunzitsiwo, mukawawerengera usana ndi usiku, ndi masiku 42. Panelo ya silicon ya kampani yodalirika imabwera ndi chitsimikizo cha zaka 25.

Tsopano tiwerengere limodzi. Dzuwa la masana likawala bwino limapereka mawati pafupifupi 1,000 pa sikweya mita imodzi. Tinene kuti mwapeza pepala la 4 peresenti, ndiye kuti mawati 40 pa sikweya mita. Mutayala masikweya mita 30 padenga lanulo, pa pepala lowerengera mupeza mawati 1,200. Padenga lenileni simufika pamenepo, chifukwa denga lanu ndi lokhota: mbali ina ikuyang'ana dzuwa, ina yalifulatira, ndipo zikalumikizidwa mumzere umodzi, yofookayo imakokera inzake pansi. Onjezani fumbi la mu Okutobala. Pomwe mapanelo awiri a silicon a mawati 550 akupatsani 1,100 pa malo ongopitirira pang'ono masikweya mita 5.

Koma funso lenileni ndi lakuti, inuyo mukufuna magetsi ochuluka bwanji? Mitengo 300, uliwonse ukamamwa malita awiri patsiku lotentha, ndi malita 600. Thanki yanu imodzi ikukwanira. Kukweza malita 1,000 mamita 10 m'mwamba, mphamvu yake yeniyeni ndi ma watt-hour 27 okha, ofanana ndi babu ya mawati 27 itayaka ola limodzi. Ngakhale pampu itamataya magawo awiri mwa atatu, simufika 100. Panelo imodzi yapakatikati ndi kapampu ka DC (koyendera magetsi ochokera ku panelo mwachindunji) zikudzazirani thanki dzuwa lisanafike paliwombo, popanda batire, popanda inveta. Thankiyo ndiye batire lanu. Chokhacho ndifunika kudziwa kuya kwa chitsime ndi mtunda wake kufika pansanja, chifukwa paipi ikatalika kapena ikachepa, pampu imalemedwa.

Za akuba ndakumvani. Ine ndimawotcherera felemu ya ayironi yotsekera panelo mbali zonse, n'kuimika pa paipi yaitali yozikika mu simenti, moyang'ana kumpoto, mopendekeka madigiri 15 poti Zomba ali pamenepo kumwera kwa equator. Ena amasankha panelo yonyamula: m'mawa kupita nayo kudimba, madzulo kubwerera nayo kunyumba limodzi ndi pampu. Padenga la greenhouse pokha musaikepo ya galasi. Ya mawati 550 imalemera makilogalamu oposa 25, mapaipi anuwo sanapangidwire zimenezo. Apa ndiye ndivomereze, pepala la organic lapambana, chifukwa silifika makilogalamu awiri pa sikweya mita.

Ndipo pali chimphepo. Amene tinaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 tikudziwa zimene mapulasitiki a ma greenhouse anaona. Pulasitiki wamba ikang'ambika mumalira kamodzi. Ikang'ambika ili ndi sola yomatapo, mwataya denga ndi magetsi tsiku limodzi. Ngakhale popanda namondwe, pulasitiki ya ma micron 200 imafuna kusintha pakatha zaka zitatu kapena zinayi. Tsiku losinthalo sola yomatayo muichita bwanji?

Gulani neti, amayi.

Amake Tadala, njira ya Ku Chawe

Achemwali, ine ndili kumtunda kuno, ndimalima masitiroberi ndi letesi, ndipo ndili ndi ka greenhouse kakang'ono ka mabulugama komwe ndimafeseramo mbande. Za mawati sindiyankhapo, koma za mthunzi ndili nako konena.

Kwa ife a Zomba chaka chili pawiri. Inu mukulira Okutobala, koma kumbukirani Juni ndi Julayi chiperoni chikatsika. Kuno kumtunda nkhungu imatha kukhala mpaka masana, dzuwa osaoneka masiku angapo otsatizana, ndipo ngakhale kwanu ku Thondwe kumachita mdima ndi kamvula kowaza. Nthawi imeneyo mbewu imafuna kuwala kulikonse kumene ingapeze. Mbande zanga zikakhala pa mthunzi m'miyezi imeneyi zimangotalika, tsinde lowonda, loyezuka, ukazigwira zikugwa zokha. Chinyezi chimadontha kuchokera kudenga, masamba osauma, matenda a nkhungu n'kulowa. M'dzinja namonso, mu Januwale ndi Febuluwale, mitambo imakhala yambiri.

Neti ubwino wake ndi woti imachoka. Ine ndimaiyala kumapeto kwa Ogasiti, mvula ikakhazikika ndimaichotsa, kuichapa, kuipinda n'kuisunga m'thumba. Pepala la sola lomata padenga likhala pomwepo chaka chonse, kukupatsani mthunzi womwewo mu Julayi pamene simukuufuna. Letesi wanga mwina angapirire, poti iye sakonda dzuwa lambiri, n'chifukwa chake sindikudabwa kuti zoyesa za ku America zija zinayenda bwino ndi letesi. Tomato ndi wadyera pa kuwala. Alimi a greenhouse a ku Netherlands ali ndi kawerengedwe kawo koti kuwala kukachepa ndi 1 peresenti, zokolola nazo zimatsika ndi 1 peresenti. Kwawoko dzuwa ndi losowa, si ngati kuno, koma mu chiperoni timafanana nawo.

Mukagula neti, ya tomato isapitirire 30 kapena 40 peresenti, ndipo muiyale kunja, pamwamba pa pulasitiki, mosiya kampata kuti mphepo izidutsa pakati. Mukaiyala m'kati, kutentha kumakhala kutalowa kale. Ngati ndalama yavuta, ena amasungunula laimu m'madzi n'kuwaza padenga, mvula yoyamba imadzatsuka yokha.

Chinanso, taonani neti ya m'mbaliyo. Mabowo ake ndi aang'ono kale, ndiye fumbi la m'chilimwe likamatirira, mpweya sudutsa n'komwe. Yanga ndikaipukuta ndi burashi ndi madzi, madzi ake amatsika ofiira, ndipo tsiku lomwelo m'katimo mumapepuka.

Nachisale wa ku Thondwe

Zikomo nonse, mwandimasula. Che Yusufu, chitsime changa ndi cha mamita 6 kufika pamadzi m'chilimwe, nsanja ndi ya mamita atatu, ndipo mtunda wake ndi ngati mamita 40. Ma watt-hour 27 aja andidabwitsa. Ndakhala ndikuthira petulo pa ntchito yaing'ono choncho!

Amake Tadala, neti ya m'mbali ndakaiona madzulo ano. Mbali ya kumsewu yasanduka yofiirira, ndipo nditaika dzanja m'kati sindinamve kamphepo ngakhale kunja mitengo imagwedezeka. Mawa tiichapa.

Neti ya mthunzi ndigula, zimenezo zatha. Koma mundilole ndikanirire pang'ono pa sola ya pulasitikiyi, chifukwa sindikuona kuti nkhani yake yafera pamenepa. Che Yusufu mwawerengera pampu yokha, poti ndi imene ndinatchula. Koma ndikanakhala ndi magetsi okwanira, sindikanaima pa pampu. Ndikanaika mafani otulutsa mpweya wotenthawo. Ndikanafuna kachipinda kozizira kosungiramo tomato, chifukwa chimene chimatigwetsa ife alimi ndi chakuti tomato akapsa sadikira, ndipo wopikula amadziwa zimenezo. Akafika pa msika wa Thondwe n'kuona madengu ali mbwee, amatchula mtengo wake, iwe n'kuvomera poopa kubwerera nawo. Magetsi a ESCOM kudimba kwanga sanafike, ndipo ngakhale a m'tauni anaona mmene zinalili namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022. Tsono denga la masikweya mita oposa 120 likungolandira dzuwa tsiku lonse, ine n'kugulanso neti yoti ndithamangitsire dzuwalo osapindulapo kanthu. Zimenezi zikundiwawa ndithu.

Ndipo chimene ndaona m'mayankho a aphunzitsi n'chakuti zoyesa zonse zachitikira ku America ndi ku Israel. Kwathu kuno dzuwa lilipo, alimi a greenhouse akuchuluka, ina yaikulu ili ku Lumbadzi pafupi ndi bwalo la ndege. Malo a kafukufuku tili nawo: Makoka ili pakhomo panga pomwe, Bvumbwe ndi ya mbewu za masamba ndi zipatso, ndipo pa yunivesite ya ku Chirunga pali ophunzira za Physics ndi Chemistry. Ndikanakonda wina atabweretsa ngakhale masikweya mita 10 a pepalali, tiliyale mbali imodzi ya denga, mbali inayo neti, tiyeze kutentha ndi kulemera kwa tomato mzere ndi mzere, tione ngati lipirire fumbi la Okutobala ndi mvula ya Januwale. Greenhouse yanga ndingaipereke ndi manja awiri, ndipo kulemba m'kope tsiku ndi tsiku ndimatha.

A Mbewe, nanga sizingatheke kulipanga loyala ndi kuchotsa ngati neti, poti ndi lopindika kale? Likanatero, dandaulo la Amake Tadala likanatha.

Mbewe (Matawale)

Mayi, funso limenelo ndi la katswiri. N'zotheka, ndipo kupindika kwake n'kumene kukupereka mwayi umenewo: kulikoloweka m'kati, pansi pa denga, kuti lizifunyululidwa dzuwa likakula n'kukulungidwa kukachita mitambo. M'katimo limatetezeka ku mphepo, matalala ndi fumbi, ndipo pulasitiki ya denga imasefako UV, choncho likhoza kukhalitsa. Kuipa kwake, kuwala kumafika kutachepa kale, ndiye magetsi amatsika, komanso monga anenera Amake Tadala, mthunzi wa m'kati suziziritsa ngati wa kunja. Kukulunga pafupipafupi nakonso kumatopetsa polumikizira mawaya ndi m'mphepete momwe anamata, ndipo m'menemo ndi momwe chinyezi chimalowera.

Pa zimene mukufuna za kachipinda kozizira, pali njira ina imene yayesedwa kale kuno ku Africa ndi mapanelo wamba a silicon. Ku Kajiado m'dziko la Kenya ndi ku Morogoro ku Tanzania, ofufuza a University of Sheffield pamodzi ndi mabungwe a komweko anaimika mapanelo mamita atatu m'mwamba, motalikanatalikana, n'kumalima pansi pake. Mbewu monga kabichi zinachita bwino, nthaka inkasunga chinyezi, ndipo madzi a mvula otsika pa mapanelo ankawakolola. Kwa inu zingatanthauze kamthunzi ka mapanelo pambali pa greenhouse, pansi pake nazale kapena mabedi a letesi ndi mpiru. Malo simutaya, magetsi mwapeza, ndipo pa mamita atatu wakuba ayamba waganiza.

Pa maluwa oyoyokawo, mungu wa tomato umayamba kufooka kutentha kukapitirira madigiri 32, ndiye cholinga chanu chikhale kutsikira pansi pa pamenepo. Choyezera chanu chipachikeni pa msinkhu wa maluwa, chili pa mthunzi wa kabokosi koyera koboolaboola, chifukwa chikamawombedwa ndi dzuwa chimanena zoposa zenizeni. Muyambe kulemba 9 koloko, 12 koloko ndi 3 koloko musanayale neti, mupitirize mutayala. Tsiku limene wofufuza adzabwere ndi pepala lija, manambala amenewo ndi amene adzayambirepo.

Che Yusufu wa sola, Chinamwali

Amayi, mamita 6 kuphatikiza atatu ndi 9, tiwonjezereko pang'ono chifukwa cha paipi ya mamita 40, tinene 12. Pampu ya DC yomiza m'madzi yokweza mpaka mamita 20 ikukwanirani, ndi panelo imodzi ya mawati 200 kapena 300 malinga ndi mavoti a pampuyo. Paipi ikhale ya mamilimita 25, osati yocheperapo. Muikenso swichi yoyandama m'thanki kuti ikadzaza pampu izizima yokha, ndi ina m'chitsime kuti isamapope chouma mu Novembala madzi akatsika, chifukwa chimene chimapsereza mapampu ambiri n'chimenecho.

Za mafani musathamangire. Mpweya wotentha umakwera, ndiye ngati denga lanu lilibe potulukira pamwamba, umangodzazana m'mwambamo n'kutsikira pa maluwa. Tsegulani mbali ziwiri za kumapeto, kumwamba kwenikweni pansi pa kukhota kwa denga, mutseke ndi neti ya tizilombo kuti kagulugufe koononga tomato kotchedwa Tuta absoluta ndi ntchentche zoyera zisalowe. Ndi ntchito ya tsiku limodzi kwa wowotcherera. Mukachita zimenezo, n'kuchapa neti ya m'mbali, n'kuyala ya mthunzi, muyeze kwa sabata ziwiri. Ngati 12 koloko ikupitirirabe 32, mudzandiuze tiwerengere za fani ya DC yolumikiza ku panelo yakeyake, yoti izithamanga kwambiri pomwe dzuwa lakula.

Kachipinda kozizira ndi nkhani ina, kameneko kamafuna mabatire ndi makoma otsekera kuzizira, ndipo kwa mlimi mmodzi n'kolemera. Kamayenda bwino mukakhala gulu. Alimi a greenhouse mulipo angati cha ku Makoka kumeneko?